Mbiri ya a Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu amene anafera ku Ndola

Munthu wocokera ku Masala mumzinda wa Ndola kupita ku Kitwe amapitirira njira yopatukira kumalo a cikumbutso, kumene ndeke ya a Dag Hammarskjöld inagwera usiku wa pa 17 kucera pa 18 September 1961. Dzinalo ambiri amalidziwa, koma zimene zinabweretsa mwiniwake ku Ndola zimakambidwa mwa apo ndi apo.

A Hammarskjöld anabadwa pa 29 July 1905 ku Jönköping m'dziko la Sweden. Atate awo, a Hjalmar, anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Iwo anaphunzira ku Uppsala, nazama pa za cuma, ndipo anatsogolerapo bungwe loyang'anira banki yaikulu ya Sweden. M'caka ca 1953 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu waciwiri wa bungwe la United Nations. Maiko amphamvu anali kuyesa kuti apeza munthu wofatsa, wosavuta kumuwongolera. Anayesa molakwa.

Dziko la Congo litalandira ufulu pa 30 June 1960, sipanapite milungu iwiri a Moise Tshombe analengeza kuti cigawo ca Katanga capatuka. Kumbuyo kwawo kunali kampani ya ku Belgium ya Union Minière du Haut Katanga, imene inali kukumba kopa ndi cobalt, ndiponso mwini mgodi wa Shinkolobwe kumene kunacokera uranium wa bomba la ku Hiroshima. Misonkho imene inayenera kupita kuboma la ku Leopoldville, kampaniyo inayamba kuipereka kwa a Tshombe, amene anali kulemba nchito asilikali aganyu ocokera kunja. Amalonda a ku Britain anali ndi gawo m'kampaniyo kupyolera mu Tanganyika Concessions, ndipo a Roy Welensky, nduna yaikulu ya boma la citaganya, anali kumbali ya a Tshombe poopa kuti ulamuliro wa anthu akuda ungafike pakhomo pa migodi ya Copperbelt.

A Hammarskjöld anaumirira kuti Congo ikhale dziko limodzi, ngakhale kuti ena amawadzudzula kuti sanateteze a Patrice Lumumba, amene anaphedwa ku Katanga mu January 1961. Mu September nkhondo inabuka pakati pa asilikali a United Nations ndi a Katanga, ndipo mlembiyo ananyamuka kukakumana ndi a Tshombe ku Ndola. Ndeke yawo, yochedwa Albertina, inali ndi anthu 16. Mmodzi yekha, a Harold Julien, anapezeka wamoyo, koma anamwalira m'cipatala patapita masiku ocepa.

Kafukufuku wa boma la atsamunda mu 1962 anaika mlandu pa oyendetsa ndeke. Anthu ootcha makala amene anacitira umboni kuti anaona ndeke ina mumlengalenga ndiponso moto sanawerengedwe kanthu.

A Hammarskjöld anaikidwa m'manda ku Uppsala, ndipo caka comweco anapatsidwa mphotho ya mtendere ya Nobel atamwalira kale. Mu 2017 a Mohamed Chande Othman, amene anakhalapo woweruza wamkulu wa Tanzania, anauza bungwe la United Nations kuti n'kutheka ndithu kuti ndekeyo inacita kuukiridwa. M'malipoti awo otsatira anadandaula kuti maiko a Britain, America ndi South Africa sanatulutse zikalata zonse zimene anapemphedwa.