Bishopu Mackenzie wa ku Magomero

M'mwezi wa Julayi caka ca 1861, anthu a m'midzi ya kumtunda kwa Chibisa anaona mzungu wamtali alikukwera phiri, ndodo ya ubusa m'dzanja limodzi, mfuti m'dzanja lina. Munthuyo ndiye Charles Frederick Mackenzie, Bishopu woyamba wa Mpingo wa Anglican kuponda dziko lino. Atakwera phirilo sanathe miyezi isanu ndi iwiri ali moyo, ndipo m'masiku owerengekawo ndodo ndi mfuti zija zinalimbana m'manja mwace.

Anabadwira ku Portmore m'dziko la Scotland pa 10 Epulo 1825. Ku sukulu yaikuru ya Cambridge anachuka ndi masamu, kotero kuti pa mayeso a 1848 anakhala waciwiri mwa onse. Akadafuna, akadakalambira komweko pakati pa mabuku. Koma atalandira unsembe anapita ku Natal mu 1855 pamodzi ndi Bishopu Colenso, natumikira kumeneko zaka zinai.

M'mwezi wa Disembala 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, nadandaulira ophunzira za malonda a akapolo. Mau acewo anabala mishoni ya masukulu akuru a ku England, ndipo pofuna mtsogoleri anasankha Mackenzie. Bishopu Robert Gray anamdzoza ku Cape Town pa 1 Januwale 1861. Pa ngalawa ya Livingstone yochedwa Pioneer anayesa mtsinje wa Rovuma, nalephera. Ndimo anabwerera ku Zambezi, nalowa m'Shire.

Pa 16 Julayi, m'mudzi wa Mbame, anakomana ndi ulendo wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali pa zingwe. Livingstone ndi Amakololo ace anapitikitsa oyendetsa, namasula anthu 84. Bishopu panalibe, pakuti anali atapita kukasamba kumtsinje. Koma pobwera anabvomereza cocitikaco, nalandira anthuwo akhale banja lace. Ndani akadawabweza? Komabe kuyambira tsiku lomwelo iye sanalinso mlendo wongopenya. Atamanga pa Magomero, kwa mfumu Chigunda m'mbali mwa Namadzi, mafumu a Amang'anja anadza kudzampempha mfuti zace kuti awacotsere Ayao. Iye anasinkhasinkha, napemphera, nabvomera, atawalumbiritsa kuti iwonso aleke kugula ndi kugulitsa anthu. M'mwezi wa Ogasiti anatsogolera nkhondo, ndipo misasa ya Ayao inatenthedwa.

Apa mpomwe munthu wa masamu anaphonya kuwerenga. Pambuyo pace anzace anazindikira kuti Ayao ambiri nawonso anali othawa nkhondo ndi njala kwao, ndi kuti Amang'anja ena anagulitsa anthu monga anzaowo. Ngakhale ku England ena a Mpingo wace anamdzudzula, kuti sikuyenera mbusa kugwira cida. Koma pa za mtima wace panalibe wokayika. Pocokera ku nkhondo ija anasenza paphewa kamwana kakakazi, dzina lace Dauma, kufikira ku Magomero. Mwanayo anakula, nakhala mphunzitsi ku Cape Town. Pa mudzipo Bishopu ankamanga nao nyumba, nagawa cakudya, naphunzira cinenero liu ndi liu, osafuna kuthamangira kulalika asanadziwe kulankhula bwino.

Anali atapangana ndi Livingstone kuti akakomane pa mathiriro a Ruo pa 1 Januwale 1862, cifukwa mlongo wace Anne ndi mkazi wa wansembe Henry Burrup analikudza pa ngalawa. Koma m'Disembala anthu a mfumu Manasomba anacitira ciwembu ansembe awiri, Procter ndi Scudamore, nagwira ena mwa amtengatenga ao. Bishopu anatenganso mfuti, nakatentha mudziwo. Ulendo umenewo unamdyera masiku, mvula nayo inadzaza mitsinje, ndipo anacoka ku Magomero ndi Burrup tsiku la pangano litapita kale.

Potsika Shire usiku, bwato lao linagubuduka, mankhwala onse namira, ndi kwinini yemwe. Munthu wocenjera akadabwerera kukatenga ena. Iye anapitirira, nafika pa cilumba ca Malo, napeza Livingstone atadutsa kale kunka kunyanja ya mcere. Anatsimikiza mtima kudikira pomwepo, poyembekezanso kupalana ubwenzi ndi mfumu ya pa cilumbapo. Malungo anamgwira, ndipo masiku otsiriza sanathenso kulankhula. Mfumuyo, poopa maliro m'nyumba yace, inauza kuti amsamutsire m'kanyumba kena. M'menemo anamwalira pa 31 Januwale 1862, ali ndi zaka 36.

Amakololo anaolotsa mtembo, nakumba manda kutsidya, kufupi ndi kumene kuli Chiromo. Burrup, wodwala iyenso, ananena mapemphero a maliro mdima utagwa. Anamnyamula kubwerera naye ku Magomero, namwalira komweko pa 22 Febuluwale. Akazi awiri aja anafika kwa Chibisa m'mwezi wa Malichi, ndipo kumeneko ndiko anamva kuti onse awiri anaikidwa kale.

Otsala anasiya Magomero natsikira kwa Chibisa, kumene Scudamore ndi sing'anga Dickinson anamwalira mu 1863. Wolowa m'malo mwace, Bishopu Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo panapita zaka 21 isanakhazikike pa Likoma.