Max Planck, Amene Anagonjera Muyeso

Wosula makasu adziwa bwino kuti citsulo cikakhala m'moto ciyamba kufiira ngati khala, ndipo akalimbika kubvukuta cisanduka cacikasu, potsiriza ciyera mbee. Iye ayang'ana maonekedwe amenewa nadziwa nthawi yakuturutsa citsulo ndi kuyamba kusula. Koma lamulo lenileni limene liweruza kuwala kwa cinthu cotentha linakhala lobisika kufikira m'caka ca 1900, pamene mphunzitsi wina wa ku Berlin, dzina lace Max Planck, analipeza. Polipeza anatsegula khomo la maphunziro atsopano ochedwa kwantamu, amene anapasula zambiri zimene iye mwini anazikonda. Anali munthu wokonda zakale, koma anabvomera zatsopano cifukwa muyeso woona unamkakamiza.

Ubwana ndi maphunziro

Max Planck anabadwa pa 23 April 1858 m'mzinda wa Kiel, kumpoto kwa Germany. Banja lace linali la anthu a mabuku. Agogo ace aamuna, ndi atate wa agogowo, anali aphunzitsi a za Mulungu pa yunivesite ya Göttingen, ndipo atate wace anali mphunzitsi wa malamulo. M'nyumba yotere mwana analeredwa kulemekeza boma, mpingo ndi nchito. Pamene anali wa zaka 9 banja linasamukira ku Munich. Kumeneko mphunzitsi wace wa masamu, Hermann Müller, anamphunzitsa lamulo lakuti mphamvu siilengedwa ndipo siionongeka, ingosintha maonekedwe. Anapereka citsanzo ca mmisiri wokweza mwala wolemera pa tsindwi la nyumba: mphamvu ya mmisiriyo siitayika, koma isungika zaka zambiri, kufikira tsiku limene mwalawo uguluka nugwera munthu wopita m'njira. Mnyamatayo anagwidwa mtima pakumva kuti alipo malamulo amene sasintha ndi dziko kapena nyengo, ndipo kuyambira pamenepo anafuna kuwafunafuna moyo wace wonse.

Anali ndi luso la nyimbo, woimba piyano ndi limba la m'chalichi, kotero kuti anayamba wakayika pakati pa nyimbo ndi sayansi. M'caka ca 1874 analowa yunivesite ya Munich nasankha fizikisi, ndiwo maphunziro a kutentha, kuwala, magetsi ndi kuyenda kwa zinthu. Mmodzi wa aphunzitsi, Philipp von Jolly, anamcenjeza kuti m'munda umenewo anthu anakolola kale, latsala ndi khunkha lokha. Planck anayankha kuti sanali kufuna kupeza zatsopano, koma kumvetsa maziko a zodziwika kale. Anaphunziranso caka cimodzi ku Berlin kwa Hermann von Helmholtz ndi Gustav Kirchhoff, ndipo mu 1879, ali ndi zaka 21, analandira digiri ya udokotala polemba za lamulo lakuti kutentha kucoka ku cinthu cotentha kunka ku cozizira, ndipo sikubwerera pa kokha. Anthu owerengeka okha ndiwo anawerenga zimene analemba. Anadikira kufikira 1885 kuti apatsidwe nchito ya malipiro ku Kiel. Mu 1887 anakwatira Marie Merck, ndipo mu 1889 anaitanidwa ku Berlin kukalowa m'malo mwa Kirchhoff, amene anali atamwalira.

Funso la ng'anjo

Masiku amenewo nyali za magetsi ndi za gasi zinali kufalikira m'mizinda, ndipo opanga nyali anafuna muyeso wokhulupirika wa kuwala. Pa nyumba ya boma yoyesera zinthu ku Charlottenburg, pafupi ndi Berlin, akatswiri anamanga ting'anjo totsekedwa tokhala ndi kabowo kamodzi, nayesa kuwala koturuka pa kabowoko. Kirchhoff anali atasonyeza kale kuti kuwala kotere sikusamala ngati ng'anjo iri ya citsulo, ya mkuwa kapena ya dothi. Kutsata kutentha kokha. Ici ndico cinakopa Planck, pakuti anaona kuti pamenepa pabisala limodzi la malamulo osasinthika aja.

Kuwala kuyenda monga mafunde, ndipo mtundu uli wonse uli ndi mafunde ace. Mafunde ofiira ndi atali, ndipo agunda kocepa pa sekondi imodzi. A mtundu wa thambo ndi afupi, ndipo agunda kocuruka. Funso linali lakuti, ng'anjo ikafika pa kutentha kwakuti, mphamvu yace igawika bwanji pakati pa mitundu imeneyi? Wilhelm Wien anapereka yankho mu 1896, ndipo Planck analikhulupirira, natha zaka zingapo akulitsimikiza ndi masamu. Koma mu 1900 Heinrich Rubens ndi Ferdinand Kurlbaum anayesa mafunde atali koposa ofiira, amene diso silingawaone, napeza kuti pamenepo lamulo la Wien liphonya.

Lamulungu lina, pa 7 October 1900, Rubens anadzaceza kwa Planck namuuza zimene anapeza. Planck sanakangamire nchito yace yakale. Madzulo omwewo anakonza lamulo lina logwirizana ndi miyeso yonse, ndipo pa 19 October analiwerenga pa msonkhano wa akatswiri a fizikisi. M'mawa mwace Rubens anafika kudzamuuza kuti analiyerekeza ndi miyeso yace usiku womwewo, ndipo linagwirizana nayo ponseponse.

Komabe lamulolo linali longopeka mwaluso, ndipo cifukwa cace sicinadziwike. Masabata 8 otsatira Planck anagwira nchito yolemetsa koposa. Njira zonse zimene anazikhulupirira zinatsekeka, ndipo anatembenukira ku njira ya Ludwig Boltzmann wa ku Austria, imene iye anaitsutsa zaka zambiri, cifukwa inati lamulo la kutentha ndilo ciwerengero cabe ca zimene zicitika kawirikawiri pakati pa tinthu tosawerengeka. Ndipo njira yomweyo inabala yankho pokhapo atabvomera cinthu cimodzi cacilendo: kuti mphamvu siiperekedwa monga madzi otsanulidwa, amene munthu angathe kuwagawa monga afuna, koma m'timagawo tathunthu, monga mazira pa msika, amene agulidwa limodzi, awiri, atatu, koma theka ai. Kagawo kotere ndiko kachedwa kwantamu, mau ocokera ku Cilatini onena za kucuruka kwa cinthu.

Kukula kwa kagawo kupezeka pocurukitsa kugunda kwa funde pa sekondi imodzi ndi nambala imodzi yosasintha, imene Planck anaipatsa cilembo h. Cifukwa cace kagawo ka kuwala kwa mtundu wa thambo kaposa kagawo ka kuwala kofiira. Apa ndipo pali cinsinsi ca wosula makasu. Citsulo cotentha pang'ono cifanana ndi wogula wa ndalama zocepa, amene akwanitsa zotsika mtengo zokha, ndizo timagawo tofiira. Moto ukakula cikwanitsanso tacikasu ndi ta mtundu wa thambo, ndipo mitundu yonse ikasakanizika diso liona kuyera. Nambala h ndi yaing'ono kosaneneka: poilemba ndi miyeso ya joule ndi sekondi, munthu aika kadontho, natsatiza maziro 33, ndipo pamenepo alemba 6626. Ndico cifukwa cace timagawoto sitizindikirika m'zocitika za masiku onse, monga mcenga wosalala potsanulidwa uoneka ngati madzi. Planck anafotokoza zimenezi pa 14 December 1900, tsiku limene ambiri aliyesa kubadwa kwa maphunziro a kwantamu.

Acinyamata apitiriza

Planck mwini anayesa timagawoto njira yowerengera cabe, ndipo zaka zoposa 10 anafunafuna m'mene angatibwezere m'malamulo akale, koma analephera. Ena acinyamata analimba mtima koposa iye. Mu 1905 Albert Einstein anaphunzitsa kuti kuwala komwe kuyenda m'timagawo, nafotokoza cifukwa cace kuwala kwa mafunde afupi kuturutsa maelekitironi m'zitsulo zina, pamene kuwala kofiira, ngakhale kucuruke bwanji, kulephera. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anasonyeza kuti elekitironi m'kati mwa atomu ikhala pa makwerero oikika, osati pakati pa makwererowo, ndipo ikatsika kucokera pa lina kufika pa lina iturutsa kagawo kamodzi ka kuwala. Planck anakayika ganizo la Einstein la timagawo ta kuwala, koma anazindikira kukula kwa nzeru zace, ndipo caka comweco iye ndi Walther Nernst anapita ku Zurich kukamuitanira nchito ku Berlin.

Mu 1925 ndi 1926 Werner Heisenberg, Erwin Schrödinger ndi Max Born anamanga masamu athunthu a kwantamu. Masamu amenewa sanena kuti elekitironi idzapezeka pakutipakuti ndithu, koma angowerenga mwai wakuti ipezeke pamenepo. Ici cinabvuta mtima wa Planck kufikira imfa yace, pakuti anakhulupirira kuti cocitika ciri conse ciri ndi cocititsa cace. Koma sanatsekereze acinyamatawo, ndipo atapuma nchito mpando wace unapatsidwa kwa Schrödinger mu 1927. Iye mwini anali atalandira kale mphotho ya Nobel ya caka ca 1918.

Masautso

Ulemu umenewu unamfikira nyumba yace iri m'maliro. Mkazi wace Marie anamwalira mu 1909, atambalira ana anai, ndipo mu 1911 anakwatira Marga von Hoesslin, amene anambalira mwana mmodzi, Hermann. Nkhondo itayamba mu 1914, Planck anali mmodzi wa anthu ochuka 93 amene anasaina kalata yokana kuti asilikari a Germany anacita zoipa ku Belgium. Pambuyo pace anazindikira kuti anasaina zimene sanazifufuze, ndipo mu 1916 analemba poyera kuti sangaimire mau onse a kalatayo. Caka comweco mwana wace woyamba, Karl, anaphedwa pa nkhondo ya ku Verdun. Ana ace akazi amapasa, Grete ndi Emma, anamwalira onse awiri pa ucembere, wina mu 1917, wina mu 1919, nasiya makanda ao amoyo. Iye sanaleke kuphunzitsa, kukwera mapiri ndi kuimba piyano, nthawi zina pamodzi ndi Einstein woimba vayolini. Kuyambira 1920 anali mkuru wa mpingo wa kwao ku Grunewald, ndipo m'nkhani imene anaikamba mu 1937 anaphunzitsa kuti cipembedzo ndi sayansi sizitsutsana, koma ziyenera kuthandizana.

Pamene Adolf Hitler anatenga ulamuliro mu 1933, Planck anali nkhalamba, ali mtsogoleri wa bungwe lalikuru la sayansi lochedwa Kaiser Wilhelm. Boma latsopano linayamba kucotsa Ayuda pa nchito. M'mwezi wa May Planck anakaonana ndi Hitler kukadandaulira akatswiri Aciyuda, makamaka Fritz Haber, koma sanamveredwe. Anasankha kukhala m'dziko ndi kusunga udindo wace, poganiza kuti namondwe adzapita, ndi kuti iye adzapulumutsa zimene zingapulumuke. Potero anakhala cete pa zoipa zambiri, ndipo anzace ambiri anacotsedwa iye ali pa mpando. Olemba mbiri akali kutsutsana za kusankha kumeneku. Komabe mu January 1935 anacititsa msonkhano wokumbukira Haber, amene anafera kunja kwa dziko, ngakhale boma linaletsa aphunzitsi ace kufikako.

Mu February 1944 mabomba anatentha nyumba yace ya ku Grunewald, pamodzi ndi mabuku, makalata ndi zolemba za moyo wace wonse. Mu July caka comweco ena anayesa kupha Hitler nalephera, ndipo Erwin, mwana wotsala yekha wa mkazi woyamba, amene anali bwenzi la pamtima la atate wace, anagwidwa pa mlanduwo. Nkhalambayo inalemba makalata opempha cifundo kwa Hitler ndi kwa Heinrich Himmler, koma Erwin ananyongedwa pa 23 January 1945. Nkhondo itatha, asilikari a America anapeza Planck ali wodwala kufupi ndi mtsinje wa Elbe, napita naye kwa abale ace ku Göttingen. Kumeneko anamwalira pa 4 October 1947, ali ndi zaka 89. Mu 1948 bungwe lija linakhazikitsidwanso m'dzina lace, ndipo liri ndi dzinalo kufikira lero.

Zipatso za nchito yace

Isanathe miyezi itatu cimwalirire iye, John Bardeen ndi Walter Brattain ku America anapanga transistor yoyamba, kacipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi, kamene magwiridwe ace afotokozeka ndi malamulo a kwantamu okha. Lero foni ya m'manja iri yonse iri ndi tizipangizo totere mamiliyoni ambiri. Mu 1960 Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba, ndipo kuwala kwa mtundu umenewo ndiko kunyamula mau ndi zithunzi m'zingwe za galasi, ndi kuthandiza madokotala a maso. Sola imene iikidwa pa denga la cipatala ca kumudzi ilandira kuwala kwa dzuwa kagawo kamodzikamodzi, ndipo kagawo kokwanira mphamvu kamasula elekitironi imodzi. Ndimo mucokera magetsi osunga mankhwala m'firiji. Mawochi a atomu, amene atsogolera ndege ndi zombo mwa GPS, awerenga nthawi ndi makwerero a m'kati mwa atomu aja. Ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu, imene iweruza masikelo a dziko lonse, ndi a m'masitolo a ku Lusaka ndi ku Chipata omwe, siyesedwanso ndi citsulo cosungidwa pafupi ndi Paris, koma ndi nambala h.

Planck sanaone zimenezi, ndipo sanali kuziganizira pakuyamba nchito yace. Anafuna kungomvetsa kuwala kwa ng'anjo. Pa tsiku limene miyeso ya Rubens inatsutsa zimene iye anakhulupirira, anasiya ganizo lace natsata muyeso, ngakhale unamtengera kumene sanafune kupita. Pa manda ace ku Göttingen pali mwala wosakometsedwa, wolembedwa dzina lace pamwamba, ndi nambala h m'munsi mwace.