Ranganathan, Munthu Amene Anapezera Mabuku Malo

Kodi unalowapo mu laibulale? Ukatenga buku pa shelefu, yang'ana kumsana kwake. Udzaona tizilembo ndi manambala. Imeneyo ndi adiresi ya bukulo. Popanda adiresi, buku limasowa ngakhale lili momwemo m'cipinda.

Shiyali Ramamrita Ranganathan anabadwa mu Ogasiti 1892 m'tauni ya Shiyali, kumwera kwa dziko la India. Ali mwana anali kudwaladwala, ndiponso anali wacibwibwi. Atate ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi cimodzi cabe. Koma pa masamu, eee, mnyamatayu anali katswiri! Atakula anakhala mphunzitsi wa masamu pa koleji, ndipo nchitoyi anali kuikonda kwambiri.

Mu 1924 a Ranganathan anasankhidwa kukhala woyang'anira laibulale ya Yunivesite ya Madras. Mzinda wa Madras lero umachedwa Chennai. Nchito yatsopanoyi sinawakomere ai. M'kalasi anazolowera mafunso ndi phokoso la ophunzira. Mu laibulale munali zii. Patangopita sabata imodzi, anapita kwa akuluakulu kukapempha kuti abwerere m'kalasi.

Akuluakuluwo anawauza kuti ayambe apita ku London kukaphunzira za malaibulale. Akabwerako asanaikondebe nchitoyo, adzawabwezera ku masamu ao. A Ranganathan anavomera.

Ku Britain anayendera malaibulale oposa 100. Anadabwa kuona anthu wamba akudzisankhira okha mabuku pa mashelefu. Anaphunziranso njira yoikira mabuku imene Melvil Dewey wa ku America anatulutsa mu 1876. Dewey anagawa nzeru zonse m'magulu khumi, gulu lililonse ndi manambala ake.

Apa ndi pamene mutu wa masamu uja unayamba kugwira nchito. A Ranganathan anaona kuti buku limodzi limatha kukamba zinthu zingapo. Tiyerekeze buku lonena za matenda a mpunga ku India. Muli ulimi, muli mpunga, muli matenda, mulinso dzina la dziko. Nanga tiliike pati? Ndipo mawa kukabwera nzeru yatsopano imene ilibe malo pa mndandanda, titani nayo? Funsoli linawasowetsa tulo.

Yankho analipeza m'sitolo. Tsiku lina analowa mu Selfridges, sitolo yaikulu ya mu London. Anaona coseweretsa ca ana cochedwa Meccano. Ndi tizitsulo ta mabowo, timawilo ndi timabauti. Mwana amalumikiza tizitsuloto n'kupanga galimoto. Akafuna, amamasula n'kupanga mlatho. Tizitsulo ndi tomwe tija, koma zotulukamo ndi zambiri.

A Ranganathan anaganiza kuti adiresi ya buku ingapangidwe cimodzimodzi. Phunziro lililonse lalikulu analipatsa cilembo cake. B anaimira masamu, J ulimi, L zacipatala. Kenaka mbeu inalandira nambala yake, matenda nambala yake, dziko nambala yake, nthawi nayonso cizindikiro cake. Woika mabuku amatenga zidutswa zimene zili m'bukulo n'kuzilumikiza. Bauti yolumikizira inali timadontho tiwiri, kena pamwamba kena pansi, motere (:). Cizindikiroci pa Cingelezi ndi koloni. N'cifukwa cake buku lao lofotokoza njirayi, limene linatuluka mu 1933, analicha Colon Classification.

Za kubwerera m'kalasi ya masamu sanazikambenso. Anagwira nchito mu laibulale ya Madras zaka pafupifupi makumi awiri, m'mawa mpaka usiku, masiku onse a sabata. Analola owerenga kufika okha pa mashelefu. Anaonjezeranso maola otsegulira laibulale. Kwa iwo, buku lotsekeredwa m'kabati linali ngati cimanga cosiyidwa m'nkhokwe ana ali ndi njala. Mu 1931 analemba buku la malamulo asanu oyendetsera laibulale. Caka comweco anatsegulira laibulale yoyenda pa ngolo ya ng'ombe, yoperekera mabuku m'midzi yozungulira tauni ya Mannargudi.

Kunena zoona, njira yao siyapafupi. Maadiresi ena amatalika mpaka woika mabuku kukanda mutu. Malaibulale ambiri pa dziko lapansi akugwiritsabe nchito manambala a Dewey. Komabe nzeru yophwanya nkhani m'zidutswa inafala kutali. Munthu akamafuna nsapato pa intaneti, n'kusankha mtundu, kukula ndi mtengo, akutsata ganizo longa lomwelo.

Mu 1957 boma la India linawapatsa mendulo yaulemu yochedwa Padma Shri. A Ranganathan anamwalira pa 27 Seputembala 1972 mu mzinda wa Bangalore, ali ndi zaka 80. Caka ciliconse pa 12 Ogasiti, anthu a ku India amacita Tsiku la Oyang'anira Malaibulale powakumbukira.