William Koyi, Mlaliki Amene Anasamba Mapazi Pamaso pa Ankhondo

Ife amene kwathu ndi ku Nkhata Bay timaudziwa bwino msewu wopita kummwera, wodutsa m'mitengo ya labala ya ku Vizara, kukafika pa Chintheche, kenako ku Bandawe. Ambiri timangodutsapo pa minibasi, maso ali pa foni. Koma cha kumeneko, zaka zoposa 140 zapitazo, munthu wina anabweza gulu la nkhondo alibe mkondo kapena mfuti m'manja. Dzina lake ndi William Koyi. Tasankha kulemba za moyo wa bambo amenewa m'kope lino chifukwa mayeso ayandikira, ndipo ambiri mwa ife mitima ili m'mwamba. Ena tulo tathawa, ena fizi sinakwanebe, ena tikuwerenga tsamba limodzi kasanu popanda cholowa m'mutu.

A Koyi anali Mxhosa. Anabadwa m'chaka cha 1846 ku Thomas River, m'chigawo cha Cape ku South Africa. Ali mwana sanapite kusukulu. Anayamba ndi ntchito yoyendetsa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, kenako anakagwira ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, ndipo pambuyo pake analembedwa ntchito m'sitolo ku Port Elizabeth. Anatembenuka mtima m'chaka cha 1869, ndipo anaphunzira kuwerenga Chixhosa ali kale munthu wamkulu.

Tsiku lina anatola pepala lothothoka m'nyuzipepala ya Chixhosa, ndipo kudzera m'pepalalo anamva za sukulu ya mishoni ya Lovedale. M'chaka cha 1871, ali ndi zaka 25, ananyamuka wapansi ulendo wa makilomita pafupifupi 240 kukapempha malo. M'kalasi sanali munthu wotsogola, ndipo iwo eni ankadziwa zimenezo. Chimene aphunzitsi anaona mwa iwo chinali kukhulupirika ndi kudekha, moti anawapatsa udindo wothandiza kuyang'anira magulu a ophunzira pa ntchito zamanja.

M'chaka cha 1876, mkulu wa sukuluyo, Dr James Stewart, anapempha ophunzira ofuna kukathandiza mishoni ya Livingstonia, imene inali itangoyamba kumene ku Cape Maclear chaka chapitacho. A Koyi anaimirira nawo. Anavomereza pamaso pa anzawo kuti maphunziro awo anali ochepa, ndipo anati anali okonzeka kupita ngakhale kukangokhala wotema nkhuni ndi wotunga madzi. Anasankhidwa anthu anayi: a Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Ulendowo unali wowawa. Wauchope anadwala nabwezedwa kwawo, Mngunana anamwalira m'chaka cha 1877, ndipo Ntintili naye anabwerera patapita zaka zochepa.

Kuno kunyanja a Koyi anapezeka kuti ali ndi chuma chimene amishonale a ku Scotland analibe. Chixhosa ndi Chingoni ndi zinenero zapachibale, choncho ankamvana ndi Angoni popanda womasulira, ndipo ankadziwa mwambo wolankhulira pabwalo la mfumu. M'chaka cha 1878 anayenda ndi Dr Robert Laws ulendo wofunafuna malo atsopano a mishoni, ndipo anagwirako ntchito pa Kaning'ina, pafupi ndi pamene pali mzinda wa Mzuzu lero. Angoni anawatcha dzina loti Mtusane.

Masiku amenewo m'mbali mwa nyanja munalibe mtendere. Atonga ambiri anali atathawa ulamuliro wa Angoni kumapiri, nabwerera kunyanja kumene ankakhala m'malinga. Mishoni itasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, inapezeka ili pakati pa mitundu iwiri yodana. Mbiri yoti Angoni akutsika ikangomveka, amayi ndi ana ankathawira ku mishoni, ena kubisala m'miyala ya paphiri, ena kugona pamchenga kuti zikavuta alowe m'madzi.

Nkhani imene tikufuna tiikumbukire inalembedwa ndi Dr Walter Elmslie, amene anagwira nawo ntchito, m'buku lake la mu 1899 lotchedwa Among the Wild Ngoni. Tsiku lina kunabwera uthenga woti gulu lalikulu la nkhondo lili m'njira. Amishonale atakambirana, a Koyi anadzipereka kukakumana nalo. Anayenda maola angapo ndi anyamata ochepa, mpaka anawapeza ankhondowo atamanga msasa pa kamtsinje, akudikira nthawi yoti akathire nkhondo mudzi wa Matete.

Asanatsegule ndi pakamwa pomwe, anyamata a nkhondo anayamba kuvina gule wawo wankhondo, zishango ndi mikondo zili m'manja. Pa nthawi ngati imeneyo, mawu amodzi olakwika kapena kusuntha kooneka ngati mwano kukanadzetsa imfa. Kuthawa nako kukanakhala kuwaitana kuti awathamangitse. A Koyi anaima kanthawi osadziwa choti anene kapena choti achite. Kenako anapemphera chamumtima, nakhala pansi m'mphepete mwa mtsinjewo. Anavula nsapato ndi masokosi, nayamba kusamba mapazi mosafulumira, ngati munthu amene wangotopa ndi ulendo.

Ankhondowo anasokonezeka. Anazolowera kuona anthu akuthawa kapena akutola zida, koma munthu wosamba mapazi sanadziwe chochita naye. Gule anazilala, ndipo anakhala pansi. Pamenepo a Koyi anawauza mwanthabwala kuti achita mwanzeru kupumula pa tsiku lotentha chotero. Gulu lonse linafa ndi phwete, ndipo zokambirana zinayamba. Matete anapulumuka. Ena mwa ankhondowo anapita nawo ku Bandawe, ndipo pobwerera kwawo anaperekeza a Koyi ndi Albert Namalambe, Mkhristu woyamba kubatizidwa mu mishoni ya Livingstonia, kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa.

Tikaiganizira bwino nkhaniyi, tikuona kuti a Koyi sanafike pa mtsinjepo ali ndi pulani. Anasowa chochita monga mmene ife timasowera tikatsegula pepala la mayeso n'kupeza funso loyamba ndi lachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti sanalole mantha kuwasankhira chochita. Anayamba aima, napemphera, kenako anaika maganizo awo onse pa kanthu kamodzi kakang'ono kamene manja awo akanatha kuchita. Mtima utakhazikika, mawu oyenera anabwera. Masiku ano akatswiri a za maganizo amaphunzitsa ophunzira luso lofanana ndi limeneli, limene pa Chingerezi amati mindfulness, kutanthauza kusunga maganizo pa zimene zikuchitika panopa m'malo mowalola kuthamangira ku zoopsa za mawa. Kwa a Koyi, gwero la kudekhako linali pemphero ndi chikhulupiriro choti moyo wawo uli m'manja mwa Mulungu.

Kudekha kwa mphindi zochepa pa mtsinje kunali kosavuta poyerekeza ndi zimene zinatsatira. M'chaka cha 1882 a Koyi anakakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi phiri la Hora, m'dziko la M'mbelwa. Mafumu anawalola kukhala ndi kulalikira, koma anakaniza sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzakana kupita kunkhondo. Kwa zaka zinayi a Koyi anakhala pakati pa ziopsezo ndi kunyozedwa, akuona magulu a nkhondo akupita ndi kubwera. Mnzawo wa ku Scotland, James Sutherland, anamwalira m'chaka cha 1885. Ophunzira amene analipo anali anyamata ochepa obwera usiku mobisa, ena mwa iwo Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara. Munthu wa phuma akanalongedza katundu. A Koyi anapitiriza kucheza ndi anthu, kumva madandaulo awo ndi kuziziritsa mitima pakabuka mkangano pakati pa Angoni ndi azungu.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1886 kunali chilala, ndipo Angoni anapempha amishonale kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Mvula inagwa pambuyo pa mapempherowo, ndipo mitima ya ambiri inayamba kufewa. Patapita miyezi ingapo, bwalo la M'mbelwa linalola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unawapeza a Koyi ali gone pa mphasa, akudwala kwambiri. Anausangalalira nathokoza Mulungu, koma sukuluzo sanaphunzitsemo. Anamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo anaikidwa pa Njuyu pomwepo. Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa m'chaka cha 1890. Lero ku Mzuzu kuli nyumba ya alendo ya sinodi ya Livingstonia yotchedwa dzina lawo.

A Koyi sanali a mpingo wathu, ndipo anamwalira zaka 16 uthenga wa Adventist usanafike ku Malamulo m'chaka cha 1902. Komabe moyo wawo ukutiphunzitsa ife ophunzira kuti kukhazika mtima pansi ndi chinthu chozolowera tsiku ndi tsiku, zinthu zisanafike povuta. Tingayambe ndi zazing'ono. M'mawa tisanagwire foni, tikhale chete mphindi zisanu ndi vesi limodzi. Podya nsima tidye nsima, mabuku ndi WhatsApp zidikire. M'chipinda cha mayeso, pepala likafika, tiike cholembera pansi, tipume mpweya pang'onopang'ono kangapo, tipemphere mwachidule, kenako tiyambe ndi funso limene tikulidziwa. Pa holide, amene tili ku boma tingatsikire ku Chikale madzulo kukangokhala ndi kuyang'ana asodzi akukonza maukonde. Ndipo sabata iliyonse tili ndi maola 24 a Sabata, amene timawaononga tikamakhala m'tchalitchi thupi lokha, mutu uli pa asayimenti ya Lolemba.

Tisaiwalenso kuti a Koyi sanapite ku mtsinje kuja mobisa kapena okha. Anayamba akambirana ndi anzawo, ndipo anali ndi owaperekeza. Kupuma mpweya ndi kukhala chete sikulipira fizi, ndipo sikuchiza matenda onse a maganizo. Ngati nkhawa yatenga milungu, tulo ndi chilakolako cha chakudya zatha, kapena maganizo ofuna kudzivulaza ayamba kubwera, tiuze abusa a pasukulu, mphunzitsi amene timamukhulupirira kapena achipatala, tsiku lomwelo. Ndipo tikaona mnzathu wa m'chipinda wasiya kuyankhula ndi kudya, tisadikire kuti atiyambe ndi iye. Tikhale naye pansi, timufunse mmene akumvera, ndipo ngati pakufunika, timuperekeze kwa amene angamuthandize.