Malemu Padre Petro Kilekwa: Kapolo, Msilikali wa Pamadzi ndi Wansembe

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, m'kope lino ndasankha kukumbutsa za moyo wa nkhalamba ina imene ambiri a ife sitinaiphunzire m'kalasi, chonsecho mbiri yake ikukhudza nyanja yathu ino. Dzina lake ndi Padre Petro Kilekwa.

Bamboyu anabadwa cha m'ma 1870 pakati pa Abisa, kufupi ndi nyanja ya Bangweulu m'dziko limene lero ndi Zambia. Kwawo ankamutcha Chilekwa. Akali mwana anagwidwa ndi achifwamba, ndipo mayi ake atayesa kumuombola analephera kupeza mayadi 8 a nsalu amene ogwirawo ankafuna. Kamba ka nsalu yochepa choteroyo, mwanayo anagulitsidwa ndi kutengedwa ulendo wa kunyanja ya mchere.

Ife a kwa Makanjira sitingaimve nkhaniyi ngati ya kutali. Masiku amenewo doko la kwathu linali limodzi mwa madoko akuluakulu kumene akapolo ochokera kutsidya ankatsikira asanayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Malonda omwewa ndiwo anautsa nkhondo pakati pa Mfumu Makanjira ndi Angerezi, imene inaphetsa Captain Cecil Maguire mu December 1891, mwini dzina la Fort Maguire. Ana ambiri onga Chilekwa anadutsa pamchenga womwe ife tinkasewerapo.

Chilekwa atafika kugombe anakwezedwa m'chombo cha Aluya cholowera ku Arabia. Mwamwayi chombocho chinagwidwa ndi sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa HMS Osprey, ndipo akapolo onse anakatsitsidwa ku Muscat ali mfulu. Mnyamatayo, pamodzi ndi mnzake Mambwala, analowa ntchito m'sitima yomweyo. Ankagwira ntchito zing'onozing'ono pamene sitimayo inali kusakasaka zombo zina za akapolo. Pambuyo pake anasamukira m'sitima ina, HMS Bacchante, nafika mpaka ku Bombay. Motero amene dzulo anali katundu wogulitsa anakhala mmodzi mwa omasula anzake.

Atasiya za pamadzi anaperekedwa m'manja mwa amishoni a UMCA ku Zanzibar. Kumeneko anaphunzira pasukulu ya Kiungani, anabatizidwa dzina loti Petro, ndipo anatuluka ali mphunzitsi. Anakwatira Mayi Beatrice Muyororo, amenenso anaomboledwa muukapolo. Taganizirani banja loyamba popanda malume, popanda ankhoswe a kumudzi, popanda ngakhale dambo loti nkulitcha la makolo. Awiriwa anayenera kukhala okha chiyambi cha mbumba yawo, ndipo anagwirizana kudzagwira ntchito kuno ku Nyasaland, kumene mishoniyo inali ndi malo monga Likoma, Nkhotakota, Malindi ndi kwa Mponda.

Ntchito ya uphunzitsi nthawi imeneyo sinali yamasewera. Mphunzitsi yemweyo ndiye anali mlaliki, womanga sukulu, woyendera odwala ndi woyanjanitsa mabanja, ndipo kunyumba ankadya zolima yekha. Bambo Kilekwa anapirira zonsezi mpaka anadzozedwa udikoni mu 1911, kenaka unsembe mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Tikawerenga bwino, anali atayandikira zaka 50 pamene analandira unsembewo. Sanathamangire udindo, udindo ndiwo unamupeza ali pantchito.

Chinanso chimene ndimamulemekezera nchakuti analemba yekha mbiri ya moyo wake, ndipo anailemba m'Chinyanja. K. H. Nixon Smith anaimasulira m'Chingerezi, nisindikizidwa mu 1937 ndi mutu woti Slave Boy to Priest. Mwa anthu zikwizikwi amene anaoloka nyanja ino ali m'magoli, ndi owerengeka okha amene anatisiyira mawu awoawo. Padre Kilekwa anamwalira m'zaka za m'ma 1960 ali nkhalamba ya zaka zoposa 90.

Ndikaiganizira mbiriyi, ndimaona kuti chimene chinasintha moyo wa munthuyu si sitima yankhondo yokha ayi. Sitimayo inadula zingwe, koma sukulu ndiyo inamupatsa poimira, ndipo iye anabweza ngongoleyo pophunzitsa ana a eni kwa moyo wake wonse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ife tinapeza sukulu pakhomo, makolo athu ali moyo. Komabe kwathu kuno anyamata ambiri amasiyira sukulu panjira nkuthamangira kuusodzi kapena ku Joni, ndipo atsikana amalowa m'banja akali aang'ono. Pempho langa kwa mamembala a bungwe lathu nlakuti aliyense wa ife, pamene akusamala ana ake, asankhenso mwana mmodzi wa kumudzi woti amuthandize kufikira atamaliza maphunziro.

Mzimu wa Padre Kilekwa uuse mumtendere.