Moyo wa Wilbur Wright, Amene Anaphunzira kwa Miimba

Abale, ndege ikamapita pamwamba pa midzi yathu tiona kuti pokhota ipendekeka, phiko lina m'mwamba, lina pansi. Mwezi uno tikamba za munthu amene anatulukira chinsinsi chimenechi.

Wilbur Wright anabadwa m'chaka cha 1867 ku Indiana, m'dziko la America. Atate wake, Milton Wright, anali bishopu wa mpingo. Iye ndi mphwake Orville anali kupanga njinga m'mudzi wa Dayton. M'chaka cha 1896 inawafika mbiri yakuti Otto Lilienthal wa ku Germany wagwa ndi mapiko ake, nafa. Pamenepo Wilbur anazindikira kuti kukwera kokha sikukwanira, pakuti wokwera wosadziwa kuwongolera akwerera imfa.

Anayamba kupenyetsetsa miimba, naona kuti muimba upotoza nsonga za mapiko ake. Phiko limene likumana kwambiri ndi mphepo linyamuka, linzake litsika. Tsono mphamvu imene inali kunyamula mbalame molunjika kumwamba ipendekeka pamodzi nayo, niikokera kumbali, ndipo mbalame izungulira. Wokwera njinga adziwa ichi, pakuti iyenso apendekeka pokhota.

M'chaka cha 1900 abalewo anapita kumchenga wa Kitty Hawk kukayesa mapiko opanda injini. Patsogolo pake anapeza chovuta china: phiko lonyamukalo mphepo ilikaniza koposa, nilitsalira m'mbuyo, ndipo mphuno ya ndege itembenukira kumene woyendetsa safuna. Sanataye mtima, koma m'chaka cha 1902 anaika kumchira tsigiro loyenda, longa la ngalawa, lobweza mphuno m'njira yake.

Pa 17 December 1903 ndege yao ya injini inauluka. Orville anakhala m'mwamba masekondi 12, Wilbur masekondi 59. Pa 20 September 1904 Wilbur anazungulira bwalo lonse, nabwerera pamene anayambira. M'chaka cha 1908 khamu la anthu ku Le Mans, m'dziko la France, linazizwa poona kukhota kwake. Koma tsiku la Mulungu anakana kuuluka.

Anamwalira ndi nthenda ya taifodi pa 30 May 1912, ali ndi zaka 45. Ndege za lero sizipotoza phiko lonse, koma zisuntha timapiko ta kumbuyo kwake. Lamulo lake ndi lomwelo.

Miimba ija ife tiiona masiku onse, osaisamala. Tiphunzitse ana athu kupenya ntchito za Mlengi ndi maso ofatsa, ndi kupirira pamene zoyesa zao zalephera.