Johann Winckelmann: Mwana wa Wosoka Nsapato Amene Anasintha Luso la ku Ulaya

Tikaona chithunzi cha chipata cha Brandenburg ku Berlin, timachita chidwi ndi mizati yake italiitali yonga ya akachisi a Agiriki akale. Ambirife sitidziwa kuti mmodzi mwa anthu amene anadzutsanso kamangidwe kotere anali mphunzitsi wosauka.

Johann Joachim Winckelmann anabadwira ku Stendal, m'dziko la Germany, mu 1717. Bambo ake anali wosoka nsapato. Anaphunzira zaumulungu ku Halle, ndipo kuyambira 1743 anaphunzitsa ana ku Seehausen kwa zaka zisanu. Masana ankakhala m'kalasi, usiku n'kumawerenga mabuku a Chigiriki. Mu 1748 anapeza ntchito yosamalira mabuku pafupi ndi mzinda wa Dresden.

Mtima wake wonse unali ku Rome, kumene kunali ziboliboli zakale. Kuti khomo limutsegukire, mu 1754 anasiya mpingo wa Lutheran n'kulowa wa Katolika. Apa m'pamene timaima kaye n'kudzifunsa ngati mwayi wa maphunziro uli woyenera kuusinthanitsa ndi chikhulupiriro.

Anafika ku Rome mu 1755, ndipo mu 1764 anatulutsa buku la mbiri ya luso la anthu akale. Pa nthawiyo amisiri ankakonda kudzaza nyumba ndi zokongoletsa zambirimbiri. Iye anaphunzitsa kuti kukongola kwenikweni kuli m'chinthu chodekha, cholongosoka ndi chopanda zochulukitsa. Maganizo amenewa anakhala maziko a kalembedwe ndi kapangidwe kotchedwa neoclassicism. Timawaona m'zojambula za Jacques-Louis David ndi m'ziboliboli za Antonio Canova. Pa nyimbo, Christoph Gluck anatsata njira yofananayo pochepetsa zokometsera mawu kuti nkhani imveke bwino.

Komabe Winckelmann sanapondeko ku Greece. Ziboliboli zambiri zimene ankazitama zinali zimene Aroma anakopera kwa Agiriki. Ankasirira kuyera kwa mwala, pamene lero tikudziwa kuti zambiri zinali zopakidwa utoto umene unasuluka m'kupita kwa zaka.

Mu 1768, akubwerera ku Rome kuchokera ku Vienna, anaphedwa ndi munthu amene anakumana naye m'nyumba ya alendo ku Trieste. Anali ndi zaka 50.

Ife amene tikukonzekera uphunzitsi tikutolapo ziwiri. Umphawi sunamuletse kuwerenga mpaka kusintha maganizo a anthu a ku Ulaya. Koma ngakhale katswiri amaphonya, choncho tiphunzitse ana kufufuza okha zimene tawauza.